Kalata kwa oyang'anira maphunziro m'boma la Kasungu: za mwana amene amadya yekha kuseli kwa kalasi

Kwa Bwana Mkulu wa Maphunziro m'boma la Kasungu, alangizi a maphunziro a m'mazoni onse, aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu, ndi inu mafumu athu,

Ndakulonjerani nonse mwaulemu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala kumbali ya Chamama. Choko ndinachigwira koyamba mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ana n'kukhamukira kusukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndinali m'gulu la aphunzitsi aja analembedwa mofulumira asanapite n'kukoleji komwe, n'kudzaphunzitsidwa ntchito pambuyo pake kudzera mu MIITEP, ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti wolemba kalatayi si mlendo m'kalasi. Fumbi la choko ndalimeza zaka zambiri, ndipo zina mwa zolakwika zimene nditchule pano ndinazichita ndi manja angawa.

Chandilembetsa ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 4. Mwanayu anakulira kumbali ya Nkhamenya, kumene Chitumbuka ndi Chichewa zimadyera m'mbale imodzi. Amayi ake atapita kukafuna ntchito ku Joni, anabwera kudzakhala ndi ife. Mwezi woyamba zinkayenda. Mwezi wachiwiri anayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse. Agogo ake aakazi akati dzuka usambe, iye n'kudzipinda pamphasa. Ikamakwana 9 koloko, belu litalira kalekale, mwana wachira, ali pabwalo kuthamangitsa nkhuku. Loweruka ndi Lamlungu m'mimbamo simunkapweteka. Tinapita naye kuchipatala, anamuyeza malungo, sanapeze kanthu. Ine mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi ulesi, ndipo ndinatsala pang'ono kuthyola kamtengo.

Tsiku lina ndinapita kusukuluko pa nkhani za komiti, n'kufika nthawi ya buleki. Bwalo lonse linali phokoso lokhalokha: atsikana ali pa fulaye, ena akhala mozungulira kadzenje ka phada, anyamata akuthamangitsa chikulunga. Ndinayang'ana mdzukulu wanga m'magulu onsewo, osamuona. Ndinakamupeza kuseli kwa kalasi ya Sitandade 8, atakhala pa njerwa, akudya mbatata yake atayang'ana kukhoma. Madzulo nditamufunsa anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Agogo, akumanditchula Yayi." Tsiku lina aphunzitsi atamufunsa funso anayankha kuti "yayi" monga amayankhulira kwawo, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linafa. Akati alowe pa fulaye, amamuuza kuti "yayi". Akati abwereke labala, "yayi". Palibe anamumenyapo, palibe chilonda chimene ndikanakaonetsa kwa ahedi. Ndipo m'kaundula, masiku onse amene tinamukakamiza kupita, analembedwa kuti analipo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, mabwana. Mafomu amene sukulu zimatumiza kwa inu amafunsa chiwerengero cha ana, cha madesiki, cha zimbudzi, cha mabuku, cha okhoza mayeso a MANEB. Zonsezo n'zofunika. Koma palibe pamene pamafunsidwa kuti m'kalasi muno muli ana angati amene alibe mnzawo ngakhale mmodzi. Mwana wotere sachita phokoso, savutitsa mphunzitsi, ndiye saoneka. Akadzasiya sukulu timalemba kuti ulesi, kapena umphawi, kapena ukwati. Umphawi ulipodi, sindikukana. Koma ana awiri osauka mofanana, wina ali ndi mnzake womuitana pamsewu m'mawa, wina alibe, amene amayamba kusiya ndi wachiwiriyu. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sadzuka m'mawa wozizira wa mu June chifukwa choganiza za tsogolo. Amadzuka chifukwa anzake akumudikira pamphambano.

Ndimamva ena akuti ana ndi ana, kukangana ndiye kukula kwake. Pali choona pamenepo. Ana awiri amsinkhu umodzi akalimbirana mpira, lero amenyana, mawa adyera limodzi chimanga chokazinga. Zimenezo sizindidetsa nkhawa. Koma gulu likasankha mwana mmodzi n'kumamutonza tsiku ndi tsiku, iye alibe pothawira ndiponso alibe womuyankhulira, kumeneko si kukula. Kafukufuku amene boma linachita mu 2013 pa za nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu, anachitidwapo nkhanza zapathupi asanakwane zaka 18, ndipo ena mwa ochita nkhanzazo anali anzawo omwe. Zimenezo ndi zomenyana zokha. Zonga za mdzukulu wanga, zopweteka popanda chipsera, n'zovuta kuziwerenga.

Chimene chandivuta kuvomera, koma ndachivomera, n'chakuti zambiri zimene zimadanitsa ana pasukulu sabwera nazo kuchokera kunyumba. Amazipeza pasukulu pomwepo, titaziyala ife akuluakulu.

Ndiyambe ndi monitala. Chaka changa choyamba ndinapatsidwa Sitandade 3, ana oposa 130 pansi pa mtengo wa mango. Ndikafuna kupita ku ofesi, ndinkasiyira mnyamata wamkulu kuposa onse pepala ndi kamtengo, n'kumuuza kuti alembe olongolola. Pobwera ndinkakwapula onse olembedwa, osafunsa. Ndinkaona ngati ndapeza nzeru. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizindikire kuti mayina a papepalapo anali omwewo tsiku ndi tsiku: ana a matenanti a kuesiteti, mnyamata wina wachibwibwi, kamtsikana kena kobwera kopanda yunifolomu. Wobwera ndi chigumu kapena mtedza wokazinga sankalembedwa, ngakhale alongolole chotani. Ana amenewo anaphunzira kwa ine, osati kwa makolo awo, kuti wamphamvu amagulidwa ndi chakudya, ndipo wopanda kanthu ndiye amasenza milandu ya onse. Mnyamata wachibwibwi uja anasiya sukulu teremu yachiwiri, ndipo ine ndinalemba m'kaundula kuti ulesi. Masiku ano ndimakumana naye pamsika, ndi bambo wa ana ake. Amandipatsa moni waulemu, atagwira pamkono, ndipo moniwo umandilemera.

Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kukwapula ana, koma m'makalasi ambiri kamtengo kanangochoka m'manja mwa mphunzitsi n'kupita m'manja mwa monitala. Ndikupempha kuti lamulo limveke poyera m'mazoni onse: mwana asapatsidwe mphamvu yomenya kapena kulanga mwana mnzake. Umonitala uzizungulira, sabata ino awa, sabata yamawa ena, wamkazi ndi wamwamuna, wamng'ono thupi ndi wamkulu yemwe. Ndipo ntchito yake isakhale yolemba anzake milandu ayi. Azigawa mabuku, azifufuta bolodi, aziona amene sanabwere n'kukamuzonda poweruka. Mwana amene wapatsidwa ntchito yozonda mnzake wodwala amaphunzira china chosiyana kwambiri ndi amene wapatsidwa pepala la olongolola.

Chachiwiri ndi tsiku lotsekera. Nonse mukulidziwa, munadutsamo. Sukulu yonse pa asembule, makolo ali chapambali, mphunzitsi akuwerenga mayina kuyambira nambala wani. Oyambirira kumawaimbira m'manja ndi nthungululu. Kenako mawu aja akuti amene sanamve mayina awo agwa, ndipo sukulu yonse imatembenuka kuwayang'ana, ena n'kumawawooza. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene mwina teremu yonse ankabwera ndi njala, kapena saona bwino pabolodi, akuchititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Sindikudana ndi kuyamikira okhoza. Wolimbikira ayamikiridwe ndithu. Koma wolephera apatsidwe lipoti lake m'manja, m'kalasi, ndi mawu awiri atatu omulimbitsa mtima. Ndipo pa asembule pomwepo, pambali pa nambala wani, patchulidwenso mwana amene teremu yonse ankayenda ndi mnzake wolumala mwendo, kapena amene analeretsa ndewu. Ana amathamangira chimene akuluakulu akuchiombera m'manja.

Tsiku lomwelo lilinso ndi mbali ina imene aphunzitsi timaidziwa koma timaitembenuzira msana. Teremu yonse ana amasungirana mangawa ndi mawu akuti "ndidzatsekera iwe." Amadziwa kuti sukulu ikatsekedwa palibe wowalanga mpaka teremu ina, ndiye ndewu zonse zimakachitikira kudambo kapena pamlatho, poweruka. Alipo ana amene tsiku lotsekera sabwera n'komwe, osati chifukwa choopa zotsatira, koma choopa njira. Komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group atagawana njira zikuluzikulu tsiku limenelo, n'kungoyenda limodzi ndi ana mpaka pamphambano, sipafunika ngakhale tambala.

Pali zinanso zing'onozing'ono zochokera m'kamwa mwathu. Mphunzitsi akangotchula mwana kamodzi kuti "mbuli iwe" kapena "agogo a kalasi" chifukwa wabwereza kawiri, wapereka chilolezo kwa ana onse, ndipo dzinalo lidzamutsata mpaka kudimba. Enanso timakhazika ana potengera nzeru, okhoza kutsogolo, ovutika kumbuyo, ngati tikusankha fodya pa magiredi ake tisanapite naye kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Fodya samva manyazi, koma mwana amamva.

Ndikuti nditchule ana amene kawirikawiri amapezeka kuseli kwa kalasi, chifukwa m'boma lathu lino ndi odziwika. Oyamba ndi ana a mabanja otsata ntchito ya fodya. Utenanti unathetsedwa m'malamulo mu 2021, koma mabanja akusamukabe, ena ochokera kutali ngati ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mwana amafika pakati pa teremu, kayankhulidwe kake n'kosiyana, magulu a masewera anapangana kale, ndipo aliyense akudziwa kuti fodya akagulitsidwa mwina achokanso. Ndani angataye nthawi kupalana naye ubwenzi? Mwana wotere tsiku loyamba asangouzidwa kuti "kakhale apo." Apatsidwe anzake awiri odziwika mayina, omuonetsa chimbudzi ndi mjigo, odya naye pa buleki, oweruka naye sabata yonse yoyamba. Kumudzi mlendo sitimusiya pabwalo kuti adzipezere yekha mphasa.

Ena ndi ana achialubino. Kuyambira 2014 dziko lino laona zoopsa zochitikira abale athuwa, ndipo mu 2016 boma lathu lomwe lino la Kasungu linataya kamwana kakang'ono m'manja mwa anthu ankhanza. Ndiye mwana wachialubino akamva anzake akumuitana kuti "ndalama" kapena "napweri", kwa iye si nthabwala. Akudziwa chimene mawuwo anachitira ena. Mwanayu amafunika kukhala kutsogolo chifukwa maso ake saona patali, amafunika chipewa ndi malaya aatali manja chifukwa cha dzuwa. Mphunzitsi akapanda kufotokozera kalasi chifukwa chake, anzake amaona ngati akukonderedwa, chidani n'kukula. Kufotokoza kwake n'kwa mphindi zisanu zokha. Ndipo chitetezo chachikulu cha mwana wotere panjira ndi gulu la anzake oyenda naye.

Chimodzimodzi mwana wa khunyu. Ndinaonapo kalasi yonse ikuthawira panja mwana atagwa, chifukwa anauzidwa kunyumba kuti ukakhudza thovu lake nawenso uyamba kugwa. Khunyu sapatsirana. Ana atauzidwa zimenezi momveka, n'kuphunzitsidwa kuti mnzawo akagwa amuchotsere zinthu zomupweteka, asamuike kanthu m'kamwa, akasiya kuphupha amugoneke cham'mbali, wina athamange kukaitana aphunzitsi, mantha amasanduka udindo. Kuno ku Kasungu tili ndi sukulu ya ana osaona ku Chilanga, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera amene anaphunzira kukoleji ya Montfort alipo m'boma muno. Nzeru zawo za mmene ana osiyana angakhalire pamodzi zisathere m'makalasi awo okha. Aitanidwe ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni, akayankhule ndi anzawo.

Za atsikana ndinene mwachidule, poti amayi a Mother Group amazidziwa kuposa ine. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993. Khomo ndi lotsegula, koma mtsikana akalowa n'kumva anzake akumuitana kuti "antchembere", sabata yachitatu simumuonanso. Winanso diresi likangodetsedwa kumbuyo tsiku limodzi, anyamata n'kumuseka, basi sukulu yathera pomwepo. Amene afunika kulangizidwa pamenepa ndi anyamatawo, ndipo owalangiza akhale aphunzitsi aamuna, kuti amve kuchokera kwa mwamuna mnzawo kuti kuseka zotere n'kupanda ulemu kwa mlongo wako ndi kwa mayi ako omwe.

Kwa inu mafumu ndili ndi pempho lapadera, ndipo ndikulinena ndi ulemu wonse monga Mchewa mnzanu. Gule Wamkulu ndi chuma chathu, ngakhale a UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, anamulemekeza mu 2005, ndipo m'midzi ina gule yemweyo wathandiza kutulutsa ana m'nyumba kuti apite kusukulu. Koma m'kalasi mumachitika kugawikana. Anyamata amene anapita kudambwe nthawi zina amaona anzawo osavinidwa ngati ana, kuwaopseza ndi kuwaletsa kuyankhula. Nawonso ana ena ochokera m'mabanja opemphera amanyoza anzawowo kuti ndi akunja, sangakhale nawo desiki imodzi. Mbali zonse ziwiri mawuwo amachokera kwa akuluakulu. Mwambo umaphunzitsa ulemu, tchalitchi ndi mzikiti zimaphunzitsa chikondi. Palibe mwa izi chimene chimatuma mwana kukazunza mnzake pa desiki. Mfumu ikanena zimenezi kwa akuluakulu a kudambwe, abusa ndi mashehe n'kunenanso kwa anthu awo, mphunzitsi ntchito imamupepukira, chifukwa pali zina zimene mphunzitsi wobwera kuchokera kuboma lina sangayerekeze kuzikhudza.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinachiritsa m'mimba mwa mdzukulu wanga, chifukwa sindinalembe kalatayi kuti ndingodandaula. Ndinapita kwa mphunzitsi wake, mayi wachitsikana amene anatuluka ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu zaka zochepa zapitazo, wamsinkhu wa ana anga. Ine ndinkayembekeza kuti aitana otonzawo n'kuwapatsa chibalo chokumba dzenje, monga ndikanachitira ine kale. Iye anakana. Anati akatero anawo adzadziwa kuti Yayi wakanena, ndipo zidzaipiraipira. M'malo mwake anang'amba timapepala n'kugawira kalasi yonse, nati aliyense alembe mayina atatu a anzake amene angakonde kukhala nawo pafupi teremu imeneyo, osaonetsa mnzake. Usiku anakhala pansi ndi kaundula n'kumachonga. Anandiuza kuti m'kalasi ya ana oposa 90 anapeza asanu ndi mmodzi amene dzina lawo silinalembedwe ndi aliyense. Mdzukulu wanga anali mmodzi. Enawo, awiri mwa iwo, mphunzitsiyo sankawaganizira n'komwe, chifukwa anali ana ofatsa, osavuta.

Sanauze kalasi zotsatirazo. Anangosintha malo okhala, aliyense mwa asanu ndi mmodziwo n'kumuika pakati pa ana amtima wabwino amene anzawo amawakonda. Magulu osesa ndi otunga madzi anawasakaniza mwatsopano. Kenako tsiku lina pa phunziro la Chichewa anafunsa kuti m'kalasimo muli ziyankhulo zingati. Kunapezeka Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe pang'ono, ndi wina wodziwa Chisena. Aliyense anaimirira kuphunzitsa anzake kupereka moni ndi kuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo, mphunzitsi naye n'kumabwereza pamodzi ndi ana, kulakwitsa, kukonzedwa ndi mwana. Mdzukulu wanga anaphunzitsa kalasi kunena "yewo". Sabata imeneyo sukulu yonse inali yewo, yewo. Chimene chinali chomuseketsa chinasanduka chinthu chimene iye yekha anali nacho choti apatse anzake.

Chinanso chimene mayiyu amachita ndi bwalo la Lachisanu. Mphindi khumi ndi zisanu asanaweruke, ana amene anayambana m'sabatamo amakhala kutsogolo. Wodandaula amayankhula mpaka amalize, wina osamudula. Kenako woyankha. Kenako mboni. Pomaliza kalasi imafunsidwa kuti pamenepa pakonzedwe bwanji, ndipo chigamulo sichikhala chikwapu: wothyola pensulo abweze pensulo, wotukwana apepese pamaso pa onse amene anamva kutukwanako, wokankha mnzake pamzere wa mjigo amutungire madzi mawa. Nditaona ndinazindikira kuti palibe chachilendo. Ndi mmene a nyakwawa amaweruzira milandu pansi pa mtengo kuyambira kale, pofuna kuti anthu apitirize kukhalira limodzi mlandu ukatha. Ife aphunzitsi akale tinkangoti "nonse awiri gonani pansi," wolakwa ndi wolakwiridwa chikwapu chimodzimodzi, ndipo ndewu inkakapitirira kudambo.

Phunziro la Life Skills lilipo pa ndandanda, ndipo mitu ya kuthetsa mikangano ilimo. Vuto n'lakuti timaliphunzitsa ngati mayina a mitsinje. Mwana amaloweza njira zothetsera mkangano, amakhoza mayeso, potuluka n'kutchaya mnzake chibakera pakhomo pomwepo. Kukhala bwino ndi anzako kuli ngati kupalasa njinga: sungakuphunzire pokopera notsi. Mwana wamanyazi amafunika kuyeserera ndi pakamwa pake mawu opempha kulowa nawo m'masewera. Waukali amafunika kuyeserera kuchoka pamalo mtima ukatentha. Ndipo ochuluka, amene satonza komanso satonzedwa koma amangoonerera n'kumaseka, amafunika kuyeserera kunena kuti "musiyeni." Otonza amadya kuseka kwa oonerera. Awiri atatu akangosiya kuseka, moto umazilala wokha.

Ndikudziwa yankho limene aphunzitsi anzanga apereke, ndipo ndi yankho loona. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi a m'munsi ambiri ali ndi ana oposa 100, malipiro ndi ochepa, nyumba palibe, ena amapalasa njinga mtunda wautali. Tiwasenzetsenso katundu wina? Ine ndikuti zimene ndatchulazi sizionjezera ntchito kwenikweni, zimasintha kagwiridwe ka ntchito imene ilipo kale. Monitala alipo kale, malo okhala amagawidwa kale, milandu ya ana mphunzitsi amaweruza kale tsiku lililonse, mwaukali ndi motopa. Ndipo kalasi yaikulu ndi imene ikufunika kwambiri kuti ana azigwirizana, chifukwa mphunzitsi mmodzi sangafikire ana 100, koma mwana angathe kufikira mnzake wa pambali pake. Amene wamva masamu amafotokozera amene sanamve, ngati awiriwo amayankhulana.

Choncho kwa inu alangizi a m'mazoni, pempho langa ndi ili. Mukafika pasukulu mumaona masikimu ndi malesoni pulani, ndipo n'koyenera. Koma belu la buleki likalira, musalowe mu ofesi ya ahedi. Imani pabwalo mphindi khumi, kenako zungulirani kuseli kwa makalasi ndi kuzimbudzi. Werengani ana amene ali okhaokha. Funsani mphunzitsi wa kalasi mayina awo, muone ngati akuwadziwa. Pa misonkhano ya ku TDC, patulani ola limodzi pa teremu kuti aphunzitsi onga mayi ndanenayu afotokozere anzawo zimene akuchita. Nzeru zilipo kale m'zoni mwanu momwemo, sizikuchita kufuna galimoto yochokera ku Lilongwe.

Kwa makomiti a sukulu: pokonza mapulani a ndalama zotukulira sukulu za SIG timakumbukira choko, maloko ndi simenti. Tikumbukirenso mipira iwiri itatu, wa miyendo ndi wa manja, ndi zingwe zodumpha. Pasukulu pakakhala mpira umodzi, umakhala wa anyamata akuluakulu a timu, ena onse n'kumaonerera. Bawo safuna n'kugula komwe, ndi maenje pansi ndi timiyala. Ndipo nambala ya 116, imene mwana kapena kholo angaimbe mwaulere pa nkhani za nkhanza kwa ana, ilembedwe pakhoma pooneka, chifukwa pali zina zimene mwana sangauze mphunzitsi kapena agogo ake. Kwa Bwana Mkulu: a UNESCO anapatula Lachinayi loyamba la mwezi wa November kukhala tsiku lolimbana ndi nkhanza ndi kutonzana m'sukulu. Limagwa mkati mwa teremu yoyamba, nthawi yabwino magulu a ana asanaume. Kalata imodzi yochokera ku ofesi yanu ingachititse kuti tsiku limenelo sukulu iliyonse ichite zija za timapepala ta mayina atatu.

Makolo anzanga nawonso ndisawasiye, chifukwa misonkhano ya PTA ndi yanu mafumu ndi ahedi, ndipo mungawafikitsire mawuwa. Ambiri a ife mwana akabwera akulira timati, "Wakumenya nawe osabwezera? Ukabweranso ukulira ndikuonjezera." Tikatero tatseka pakamwa pa mwana, sadzatiuzanso kanthu. Poweruka timafunsa kuti wakhoza zingati. Tizifunsanso kuti lero wasewera ndi yani, wadya ndi yani. Yankho likakhala lakuti "ndekha" masiku atatu otsatizana, tinyamuke tikaone aphunzitsi. Ndipo kholo limene lauzidwa kuti mwana wake ndiye akuzunza anzake lisathamangire kukalusa kusukulu. Kawirikawiri mwana wozunza anzake naye ali ndi pomwe pakumupweteka.

Ndikamaganiza za ana osekedwa ndimakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe konkuno. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale chifukwa chosowa fizi, ankatola zitsulo zotayidwa kuti apange makina amphepo opangira magetsi, anthu n'kumati wapenga. Dziko lonse likudziwa za makinawo. Chimene sitikamba kawirikawiri n'chakuti sanali yekha: anali ndi msuweni wake ndi mnzake wina, mwana wa mfumu, amene sanamuseke, ndipo mnzakeyo ndiye anamugulira dainamo ya njinga pamene iye analibe ndalama. Akanakhala wopanda awiriwo, mwina bwenzi lero tikungomukumbukira ngati mnyamata wamisala wa kudzala.

Mdzukulu wanga tsopano amadzuka yekha. M'mawa amapempha agogo ake mbatata ziwiri, ina ya mnzake amene amamuitana pamsewu. Dzina la Yayi silinatheretu, alipo amene amalitchulabe, koma tsopano pali womuyankhira. Sabata yatha ndinapitanso kusukuluko kukaona za njerwa za chimbudzi chatsopano, ndipo miyendo inanditengera kuseli kwa Sitandade 8 kuja. Pa njerwa pomwe paja panali kamnyamata, mwina ka Sitandade 2, kopanda nsapato, kakujambula pansi ndi kamtengo. Nditakafunsa dzina kanandiuza monong'ona. Nditafunsa kuti anzako ali kuti, kanangoloza bwalo lonse ndi chibwano. Ndakapereka dzinalo kwa aphunzitsi ake. Alangizi a zoni yathu, tsiku limene mudzabwere, tumizani mwana adzandiitane kunyumba, si patali; ndidzakuperekezani kuseliko nthawi ya buleki.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chamama, Kasungu.